Asidi wa m'madzi otuluka m'mafakitale asamangotayidwa, koma sefa payokha siikwanira

Maganizo anga ndi akuti eni mafakitale aleke kuona madzi owawasa amene amatuluka m'makina awo ngati zinyalala zongofunika kutaya. M'madzi amenewa mumakhala asidi wochokera ku zomera ndi ku mkaka, monga acetic acid wa mu viniga ndi lactic acid amene amawawasitsa chambiko. Asidiyu akathiridwa mumtsinje, mabakiteriya amamudya n'kumaliza okosijeni wa m'madzi mpaka nsomba kufa, pamene akapatulidwa bwino amagulidwa ndi opanga zakudya, mankhwala ndi pulasitiki yotchedwa PLA.

Chovuta n'chakuti asidiyo amakhala wochepa kwambiri m'madzi ochuluka. Madzi amawira pa madigiri 100 pamene acetic acid amawira pa 118, kotero amene akufuna kumupatula powiritsa ayenera kusandutsa pafupifupi madzi onsewo kukhala nthunzi, ndipo mtengo wa moto umenewo umadya phindu lonse. Apa ndi pamene sefa yotchedwa membrane imathandiza, chifukwa imagwira ntchito ndi pampu yokankha madzi mwamphamvu, osati ndi moto. Luso limeneli linakula kuchokera cha m'ma 1960, pamene Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan a ku yunivesite ya UCLA ku America anapanga sefa yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja.

Ambiri amaganiza kuti membrane ili ngati sefa ya ufa, yoti zazikulu zimatsala, zazing'ono n'kudutsa. Zoona zake n'zakuti pa sefa ya nanofiltration, imene tiboowo take n'tating'ono pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita, kuwawasa kwa madzi kumalamulanso. Madzi akakhala owawasa kwambiri, pH yake (muyezo umene umatsika kuwawasa kukamachuluka) itatsika kufika pansi pa 3.9, lactic acid wambiri sakhala ndi mphamvu ya magetsi ndipo amadutsa mosavuta. Mukakweza pH, asidi yemweyo amatenga mphamvu ya magetsi yofanana ndi ya pankhope ya sefayo, ndipo ziwirizo zimakankhana. Ndiye kuti injiniya wodziwa ntchito yake angathe kusankha kuti asidi adutse kapena atsale posintha pH yokha, ndipo ine ndimaona kuti nzeru yeniyeni ya ntchitoyi yagona pamenepa.

Opanga yogati wolimba wa Chigiriki ku New York akumana ndi nkhaniyi maso ndi maso. Pa kilogalamu iliyonse ya yogati amatsala ndi makilogalamu awiri kapena atatu a madzi owawasa a mkaka, amene savomera kuumitsidwa kukhala ufa chifukwa lactic acid amauchititsa kunanda n'kumata m'makina. Sefa ya nanofiltration imagwira shuga wa mkaka n'kulola gawo la asidi kudutsa, kotero shugayo amayamba kugwirika bwino.

Kwathu kuno funso likukhudza mafakitale a ethanol a ku Dwangwa ndi ku Nchalo, amene amagwiritsa ntchito molasesi wa nzimbe. Kulikonse kumene ethanol amapangidwa motere, lita imodzi imasiya malita oposa 10 a madzi akuda otchedwa vinasse. Amene anganene kuti tingogula sefa n'kulowetsamo madzi amenewo sindingagwirizane naye. Vinasse ndi wokhuthala, wodzaza ndi yisiti, utoto wakuda ndi mchere, ndipo sefa yokwera mtengo ingatsekeke msanga, madzi odutsa n'kuyamba kuchepa, pampu ikudyabe magetsi. Kutsuka sefa pafupipafupi kumafuna mankhwala ogula ndi ndalama zakunja, ndiponso kumafupikitsa moyo wa sefayo.

N'chifukwa chake ndikunena kuti fakitale iyambe yayeza madzi a paipi iliyonse payokha, asanasakanikirane mumngalande imodzi ndi madzi otsukira pansi ndi sopo. Kumene vinasse amawiritsidwa kuti achepe, nthunzi yake ikazizira imapereka madzi oyera okhala ndi acetic acid, opanda yisiti ndi utoto. Madzi amenewo ndi amene ayenera kuyamba kupita pa sefa, pH yake itakwezedwa kuti asidi atsale, ndipo madzi odutsawo angabwerere m'fakitale kukagwiranso ntchito.