Ritalin si mankhwala a nzeru

Mwana wa achemwali anga amaphunzira pa yunivesite ina kuno ku Joni. Lamlungu tikudya, anangotchula ngati nkhani yoseketsa kuti mnzake wogona naye chipinda chimodzi amagulitsako mapiritsi ake a Ritalin mayeso akayandikira. Mnzakeyo ali ndi ADHD, vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndipo mankhwalawo anamulembera ndi dokotala. Ogulawo sadwala chilichonse, amangofuna kuchezera usiku wonse ndi mabuku. Ine mbamu ya nsima inaima m'manja.

Musandimve molakwa, mankhwalawa sindikudana nawo. Si achilendonso: dzina lake lenileni ndi methylphenidate, anapangidwa ku Switzerland mu 1944, ndipo Leandro Panizzon amene anawapanga anawatcha Ritalin potengera dzina la mkazi wake, Rita. Mankhwalawa amachulukitsa muubongo dopamine ndi noradrenaline, timadzi tonyamula mauthenga timene timathandiza munthu kukhala tcheru. Mwana amene maganizo ake amangouluka ngati gulugufe, akamwa amatha kukhala pansi n'kumva zimene aphunzitsi akunena mpaka kumapeto.

Koma wopanda ADHD akamwa, amapindula chiyani? Mu 2023 ofufuza a ku Melbourne ndi Cambridge anayesa anthu 40 abwinobwino. Anawapatsa methylphenidate, mankhwala ena awiri ogalamutsa ubongo otchedwa dextroamphetamine ndi modafinil, tsiku lina piritsi lopanda mankhwala, n'kuwapatsa ntchito yovuta yofuna kuganiza. Akamwa mankhwala ankalimbikira kwambiri, nthawi n'kutaya yambiri, koma ntchitoyo sinkatuluka bwino kuposa pamene sanamwe. Amene ankakhoza bwino asanamwe ndi amenenso anatsika kwambiri. Ndiye kuti thukuta lachuluka, mzere wolima ndi womwewo. Uwonjezerepo mtima kuthamanga, chakudya kusalowa, tulo kusowa, chonsecho zimene wawerenga zimakhazikika m'mutu ukagona.

Chimene chandipweteka kwambiri si ogulawo ayi. Ndi mtsikana wogulitsayo. Ku South Africa mankhwalawa ali mu Schedule 6, gulu la mankhwala amene malamulo ake ndi okhwima kwambiri, dokotala amalemba a masiku 30 okha, akatha ubwererenso kwa iye. Akagulitsa asanu, masiku asanu akhala wopanda, ndipo ndi sabata ya mayeso imene iye akuwafuna kuposa wina aliyense. Kugulitsako ndi mlandunso.

Ndiye taganizani za makolo athu. Kwathu mwana wosakhazikika timati ndi wopulupudza, wosamva, mankhwala ake ndi chikoti. Kholo limene langoyamba kumvetsa kuti mwina mwanayo akufunika dokotala, likamva kuti mapiritsi omwewo akugulitsidwa m'mahositelo, libwerera m'mbuyo n'kunena kuti, “Mwana wanga sindingamupatse mankhwala ozunguza bongo.” Chikoti chija n'kubwereranso.

Ndinamufunsa mwana wa achemwaliyo ngati iye anagulapo. Anati ayi, akuyang'ana m'mbale. Ndamuuza kuti Loweruka abwere ndi mnzakeyo, ndiphika chambo chouma chimene chabwera pa basi, ndicheze nawo onse awiri.