Socket ndi imodzi, koma kompyuta osayaka

Chimene chimandipweteka mtima pomanga kompyuta yamasewera ndi ogulitsa amene amangowerenga dzina la socket (malo oikapo purosesa pa motherboard, bolodi lalikulu la kompyuta) n'kunena kuti "zimagwirizana, tengani." Ayi ndithu! Mapurosesa a Intel a m'badwo wa 6 ndi 7 amakhala pa socket ya LGA1151. A m'badwo wa 8 ndi 9 nawonso ndi LGA1151, komatu ukaika i5-8400 (purosesa ya m'badwo wa 8) pa motherboard ya Z270 (yopangidwira m'badwo wa 6 ndi 7), imalowa bwinobwino koma siyaka. Imafuna motherboard yokhala ndi chipset (kachipangizo koyendetsa motherboard) cha gulu la 300, pomwe Z270 ndi ya gulu la 200. Munthu wasunga ndalama miyezi yambiri, wina osamuuza zimenezi?

Ku AMD ndimayamikira kuti socket ya AM4, yomwe inatuluka mu 2016, yakhalitsa. Koma nakonso kuli msampha. Purosesa ya Ryzen 5 5600 pa motherboard yakale ya B450 imafuna BIOS (pulogalamu ya m'kati mwa motherboard yoyatsira kompyuta) yatsopano kaye, ndipo ngati motherboard ilibe batani la Flashback (loikira BIOS popanda purosesa), uyenera kubwereka purosesa yakale kuti uikire BIOS imeneyo. Ukabwereka kwa ndani?

Ndiye pali RAM (memory ya kompyuta). AM5, socket ya AMD yolowa m'malo mwa AM4, imalandira RAM ya mtundu wa DDR5 yokha, DDR4 yako ija ingokhala m'kabati. Zonsezi zalembedwa patsamba la wopanga motherboard, pamndandanda wa mapurosesa ndi RAM zovomerezeka, koma ogulitsa ambiri satsegula n'komwe.