Amene tinamuika pampando tizithanso kumuchotsa

Loweruka lapitali ndili pamsika kwathu kuno ku Thyolo, mayi wina wogulitsa nthochi anandiitana n'kundionetsa kope la ana asukulu. M'katimo munali mayina a anthu, ena atasaina, ena atangodinda chala chopaka inki ya bolopeni. Anandifunsa kuti, "Achimwene, inu mumamvera nkhani, tatiuzani. Mayinawa akakwana angati ndiye kuti khansala uja wachoka?" Ndinasowa poyambira, chifukwa yankho lake ndi lowawa. Ngakhale kopelo litadzaza mpaka pachikuto, palibe lamulo lomukakamiza munthuyo kutula pansi udindo.

Dandaulo la amayiwa si lachilendo. Tikiti ya msika amadula tsiku lililonse, malonda ayende asayende, koma chimbudzi chinadzaza kalekale, ndipo mvula ikagwa matope amafika pamene ayala nthochi zawo. Amene anamuvotera sanamuonenso chithereni kampeni.

Tsono za meya ndiye zimandiwawa koposa. Anthu ambiri sadziwa kuti meya sitisankha ndife. Pa Luchenza apa, monganso ku Blantyre ndi ku Zomba, ife timavotera makhansala, kenako iwo pamodzi ndi aphungu a m'deralo amakasankha meya m'chipinda cha khonsolo. Choncho meya akayamba kugona pantchito, amaopa anzake amene anamukweza ndi akuluakulu a chipani chake. Mayi wa nthochi alibe naye mantha, pakuti chala cha mayiyo sichingamufike mpaka zaka zisanu zithe.

Mphamvu imeneyi tinali nayo, anthuni. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu ufulu wochotsa phungu amene sakuwatumikira. Mu 1995 aphungu omwewo anakhala pansi m'Nyumba ya Malamulo n'kulifufuta. Taganizani, wantchito kulanda bwana wake mphamvu yomuchotsa ntchito! Kumakhonsolo nakonso tinazunzika. Makhansala amene tinawasankha mu 2000 nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo tinakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha 2014. Zaka zonsezo msonkho tinkapereka ndithu.

Ndikudziwa zimene ena anene. Ati gawoli likabwerera, amene analephera pachisankho azidzagawa mchere ndi sopo kuti anthu asaine, mwakuti tizidzangokhalira kuvota m'malo mopita kukathyola tiyi. Nkhawa imeneyo ndi yomveka, sindikuinyoza. Koma mankhwala ake ndi kulimanga bwino lamulolo. Osaina akhale okhawo amene analembetsa m'kaundula wa dera lomwelo, chiwerengero chawo chikhale chachikulu ndithu, bungwe loyendetsa zisankho la MEC litsimikize dzina lililonse, ndipo munthuyo apatsidwe mpata woyankha pamaso pa anthu asanavoterenso. Wogula anthu ndi mchere sangadutse mipanda yonseyi mosavuta.

Ine ndikufuna gawo 64 libwerere, ndipo likabwerera likhudze phungu, khansala ndi meya yemwe. Ngati n'kotheka, meyayo tizimusankha tokha papepala lovotera, kuti adziwe amene anamulemba ntchito.

Mayi aja sindinawauze kuti ataye kope lawo, ayi. Ndinawauza kuti alisunge pouma, akalijambulitse mapepala angapo, ena akapereke kwa amfumu, ena ku komiti ya chitukuko ya ADC, ena kwa phungu wa dera lathu ndi funso limodzi lokha: kodi inu mudzaimika dzanja kuti gawo 64 libwerere? Anandipatsa bolopeni, ndipo dzina langa lili mmenemo, pansi pa chala cha agogo ena ogulitsa chigumu pageti.