Pa bwalo la kunyanja mphamvu zokha sizithandiza

Mwalemba bwino, koma pamene mwati pa bwalo la gofu la m'mbali mwa nyanja amapambana ndi womenya mpira patali, apo ndiye ndakana. Kumeneko yolamula ndi mphepo. Mpira wokwera m'mwamba imaunyamula n'kukauponya m'tchire. Wodziwa amaumenya chapansipansi, ugwe usanafike pa green (malo a udzu wosalala pomwe pali kabowo kolowetsamo mpira), uzigudubuzika wokha, pakuti dothi lake ndi lamchenga, louma gwa.

Taonani katswiri wa gofu Tiger Woods pa mpikisano waukulu wa The Open wa 2006 ku Hoylake, bwalo la kunyanja ku England: driver, ndodo yomenyera mpira patali kwambiri, anaitulutsa kamodzi kokha masiku onse anayi, chikho n'kutenga. Mu 2000 ku St Andrews, ku Scotland, sanagwere m'dzenje la mchenga ngakhale limodzi, chonsecho pa Old Course, bwalo lomwe ankasewerapolo, alipo 112.

Ndipotu maenje amenewo si amasewera. Makoma ake ndi oima njo, ukagweramo umangotulutsira mpira cham'mbali, mwinanso chakumbuyo kumene. Kwa ine bola kutsalira dala mamita 20 dzenje lisanafike, n'kumenyanso kachiwiri ndi ndodo yotalikirapo. Mukadatchulaponso zakuti mphepo ikatembenuka masana, malo omwe m'mawa munafikapo ndi ndodo ya 8-iron amafuna 5-iron, yomwe imamenya patali kuposa 8-iron.