Musanagule ma pickup atsopano, yambani mwayeza khosi

Ena akwiya nazo izi, koma ndinena ndithu. Magitala amagetsi ambiri amene eni ake amati salira bwino alibe vuto la pickup, kachipangizo ka maginito kotola kulira kwa nsambo. Vuto limakhala pa khosi, pa nut (kachidutswa ka ngalande za nsambo kumutu kwa khosi), pa bridge (pamene nsambo zimakhazikika pa thupi la gitala), kapena pa kawaya kamodzi kamene kanathothoka mkati. Munthu amaitanitsa ma pickup odula ku Johannesburg, kuwamangirira, gitala n'kumalirabe mokhota akafika pa freti ya 7 (mafreti ndi tizitsulo topingasa pa khosi). Pickup imangotola zimene nsambo ikuchita basi. Ngati nsambo ikukhula freti, pickup yodulayo idzakumveketsani kukhulako momveka bwino kuposa kale.

Ntchito yokonza gitala ili ndi ndondomeko yake, ndipo kudumphadumpha n'kumene kumazunguza anthu mutu. Yambani ndi nsambo zatsopano, kenako khosi, kenako msinkhu wa nsambo, nut, intonation (kulondola kwa manoti pa mafreti onse), pickup pomaliza. Chilichonse chimasuntha chinzake chotsatira. Mukayamba ndi intonation kenako n'kukhudza truss rod (chitsulo cha mkati mwa khosi choliwongolera), ntchito ija mwaifafaniza nokha.

Pa nsambo sankhani saizi imodzi n'kukhala nayo. Kuchoka pa .009–.042 (kukhuthala kwa nsambo yaing'ono ndi yaikulu mu mainchi) kupita pa .010–.046 kumawonjezera mphamvu yokoka khosi, khosilo limapindikira kutsogolo, ndipo ngati bridge yanu ndi ya tremolo (yogwedezeka ndi kamkono) imadzuka kumbuyo. Si kuti gitala yawonongeka ayi, yangofunika kuiyezanso.

Tsopano khosi, pamene pagona nkhani. Chunani gitala, ikani capo (chopanira nsambo zonse pamodzi) pa freti yoyamba, dinikizani nsambo yaikulu ya E pa freti yomaliza. Nsamboyo yasanduka lula yowongoka. Yang'anani mpata wa pakati pa nsambo ndi msonga ya freti ya 8. Pa khosi la mtundu wa magitala a Fender mpatawo ukhale pafupifupi mamilimita 0.25. Amakaniko ali ndi feeler gauge (timasamba tachitsulo toyezera mipata) yoyezera ma valve a injini, ndi yomweyo. Ngati mulibe, kachidutswa kamene munadula pa nsambo ya .010 n'kokhuthala mamilimita 0.25 ndendende, kalowetseni pampatapo. Kakalowa momasuka kwambiri, khosi lapindika mopitirira, mangani truss rod potembenuzira kumanja monga muvi wa wotchi. Nsambo ikagona pa freti popanda mpata, masulani. Musapitirire kota ya mzungulire nthawi imodzi, ndipo theka la kotayo ndiye labwino. Chunaninso, dikirani pang'ono kuti thabwa limve, yezaninso. Kiyi ikhale yokwana bwino: magitala ambiri opangidwa ku Asia amafuna Allen ya mamilimita 4 kapena 5, Stratocaster (Strat, gitala ya Fender) ya ku America imafuna ya 1/8 inchi, gitala ya Gibson imafuna sipanala ya 5/16 inchi. Kiyi yokhwepa imadya nati ya truss rod, ndipo nati yodyeka mkati mwa khosi ndi ntchito yodula kuposa ma pickup munkafuna aja. Ikalimba osaikakamiza. Masulani nsambo, masulaninso natiyo, ikani kadontho ka mafuta, muyambirenso.

Kwathu kuno khosi silikhala pamodzi chaka chonse. Mvula ikayamba thabwa limamwa chinyontho n'kutupa, pofika October lauma n'kufota, mpaka nsonga za mafreti zimatuluka m'mbali kumacheka dzanja. Gitala yoyezedwa bwino mu July ikhoza kumanjenjemera mu January popanda amene waigwetsa. Kuyeza kawiri pachaka n'kokwanira. Koma kuisiya m'buti ya galimoto padzuwa la ku Nsanje, pamenepo ndiye palibe truss rod yokuthandizani.

Khosi likakhala bwino pitani ku ma saddle, tizitsulo ta pa bridge pamene nsambo iliyonse imatsamira. Pa freti ya 17, kuchokera pa msonga ya freti kufika kunsi kwa nsambo, Fender amapereka mamilimita 1.6 ngati poyambira. Woimba mwamphamvu akweze pang'ono, makamaka ku nsambo zazikulu. Malo amene kunjenjemera kukumveka ndi amene amaulula vuto. Kukamveka pa mafreti asanu oyamba, khosi lawongoka mopitirira. Kukamveka kupitirira freti ya 12, ma saddle atsika kwambiri. Kukamveka pa noti imodzi yokha, pali freti imene yadzuka patsogolo pake. Tengani khadi lapulasitiki lowongoka, liimikeni pa mafreti atatu, likamagwedezeka ndiye kuti yapakatiyo ndi yaitali. Kawirikawiri yangozuka m'ngalande yake, imafuna kuikhomera pansi ndi hamala yapulasitiki. Osathamangira fayilo.

Nut ndiye anthu amaiiwala kwambiri. Dinikizani nsambo pa freti ya 3 n'kuyang'ana pamwamba pa freti yoyamba: patsale kampata kolowa pepala limodzi lokha. Mpata ukakula, chala chimakoka nsambo mtunda wautali ndipo makodi apoyamba monga C ndi D amakwera mawu ngakhale tuner (kachipangizo koyezera mawu pochuna) ikunena kuti zonse zili bwino. Mukamachuna n'kumva "ting'", nsambo ikugwira m'ngalande. Pakanimo nsonga ya pensulo. Zambiri zimene timanamizira makiyi omangira nsambo kuti sagwira zimathera pomwepo.

Intonation ndi yosavuta ngati zapamwambazi zatheka. Chunani nsambo yosadinikiza, kenako idinikizeni pa freti ya 12 ndi mphamvu imene mumaimbira. Noti ikakwera, bwezani saddle kumbuyo kuti nsambo italike. Ikatsika, isunthireni kutsogolo cha kukhosi. Masulani nsambo pang'ono musanatembenuze, chunaninso, yezaninso. Pa nsambo zadzimbiri musataye nthawi, zimanama.

Tafika pa pickup, koma osati kugula. Dinikizani pa freti yomaliza n'kuyeza kuchokera pa maginito kufika kunsi kwa nsambo: pa single coil (pickup ya koilo imodzi ya waya) wamba yambani ndi mamilimita 2.0 ku nsambo yaikulu ndi 1.6 ku yaing'ono. Ambiri amaikweza mpaka kufupi ndi nsambo pofuna mawu ambiri. Maginito amayamba kukoka nsambo, noti imalira pawiri ngati ikugwedezeka, ndipo imafa msanga. Kutsitsa pickup ndi millimita imodzi kumasintha gitala kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo n'kwaulere.

Nanga kulira kwa "huuu" kuja? Single coil imatola phokoso la magetsi a m'nyumba, amene kwathu amayenda pa 50 Hz. Ndi chibadwa chake, n'chifukwa chake Seth Lover anapangira Gibson humbucker, pickup ya makoilo awiri yoletsa phokosolo, imene inayamba kuikidwa pa magitala a Les Paul mu 1957. Koma zala zanu zikuuzani zambiri. Phokoso likachepa mukagwira nsambo, waya wa ground (njira yothawira phokoso la magetsi) wopita ku bridge uli bwino, chikusowa ndi chotchinga. Matani tepi yamkuwa m'mabowo onse ndi kunsi kwa pickguard (pulasitiki yovundikira pamwamba pa thupi la gitala), zidutswa zigundane, ndipo zilumikizike ku ground, apo ayi mwangokongoletsa. Likapanda kusintha, waya wa ku bridge uja waduka. Likakula mukagwira chitsulo, mawaya a pa jack (polowetsa chingwe cha ampulifaya) anasinthanitsidwa. Jack yomweyo ikakhwepa musamange nati kunja musanaigwire mkati, imazungulira yonse n'kupotokola mawaya mpaka kuduka. Powotcherera gwiritsani mtovu wa 60/40 wokhala ndi rosin mkati ndi chowotcherera cha mawati 40. Palani kumbuyo kwa pot (chotembenuzira volume kapena tone) kuwale, pakani mtovu kaye, kenako lumikizani msanga. Asidi wa okonza mapaipi amadya mawaya pang'onopang'ono, asayandikire gitala.

Apa ndiimepo pang'ono chifukwa ndi za moyo. Nsambo zimalumikizana ndi thupi la ampulifaya kudzera mu chingwe. Wothyola mwendo wachitatu wa pulagi kuti phokoso lithe wachotsa njira imene magetsi akanathawira. Milomo ikachita dzanzi pa maikolofoni mutagwira nsambo, zimitsani pomwepo. Ndipo ampulifaya ya ma valve (machubu agalasi okuza mawu) ikhoza kusunga mavoti opitirira 400 m'ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) ngakhale itazimitsidwa, si yotsegula wophunzira kumene.

Ilipo nthawi imene pickup imafadi. Ikani multimeter (choyezera magetsi) pa nsonga ya chingwe, volume ili pamwamba: single coil ya mtundu wa Strat imawerenga cha m'ma 6k (ma ohm 6,000), humbucker yachikale cha m'ma 8k. Mukachotsa pickup n'kuiyeza payokha osawerenga kanthu, koilo yaduka. Koma musanaiweruze yang'anani ma pot. Single coil imayenda ndi pot ya 250k, humbucker ndi 500k. Humbucker pa 250k imamveka ngati yafunditsidwa bulangeti, single coil pa 500k imalasa m'makutu. Pot yolira "khwee" ikamatembenuzidwa imafuna contact cleaner, osati mafuta omasulira mabawuti a kugalaja.

Kwa amene akufuna kupanga yawoyawo, langizo langa n'lakuti pa gitala yoyamba mugule khosi lopangapanga, inu musemere thupi. Mafreti safuna kuyerekeza. Utali wa nsambo kuchokera pa nut kufika pa bridge pa Fender ndi mamilimita 648, pa Gibson 628. Freti yoyamba imapezeka pogawa utaliwo ndi 17.817, ndiye pa 648 imagwera pa 36.4 kuchokera pa nut, kenako mumagawanso chotsalacho, mpaka ya 12 igwere pa theka, 324. Khosi la 628 pa thupi lobooledwa kuti lilandire la 648 silidzachunika, ngakhale ma saddle muwakankhire mpaka kumapeto. Thupi la Strat n'lokhuthala pafupifupi mamilimita 45, pokhala khosi n'pozama 16. Thabwa siliyenera kuchokera kunja. Mbawa ndi mtundu womwewo umene mafakitale amautcha African mahogany, ndipo paini si wonyozeka, magitala a Esquire oyambirira a Leo Fender mu 1950 anali a paini. Chachikulu liume ndithu, osati lochekedwa mwezi watha. Musanaboole mabowo a bridge, mangani khosi, kokani ulusi uwiri kuchokera pa nut m'malo mwa nsambo ziwiri za E, ndipo sunthani bridge mpaka ulusi uliwonse utalikirane mofanana ndi m'mphepete mwa khosi pa freti yomaliza. Pamenepo ndiye lembani ndi pensulo.