Anyamata a kabaza, njinga ikamalira m'mawa muzitchera khutu

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye lero ndikutsinani inu anyamata a njinga zamoto. Ndimakuonani m'mamawa pasiteji: kungoiliza njinga, pompo mwapotokola mafuta mpaka kumapeto, utsi tolo, m'makutu mwatseka ndi nyimbo za pafoni. Mumati ndi ukatswiri umenewo? Kumeneko n'kupha injini, ana anga.

Njinga ikagona usiku wonse, oyilo amatsikira pansi. Mukailiza, pampu imafuna kanthawi kuti imukankhire kumtunda kuli mavalavu (tizitseko tolowetsa mafuta ndi mpweya mu injini ndi kutulutsa utsi), makamaka mu June ndi July pamene kuzizira kumamulimbitsa. Masekondi oyambawo zitsulo zimakhulana zisanalandire oyilo wokwanira. Isiyeni izilira yokha mphindi imodzi kapena ziwiri, inu muli chete kumvetsera.

Ikamati tiki tiki tiki kumutu kwa injini, nthawi zambiri ndi mpata wa mavalavu womwe wakula. Makaniko amaukonza mosavuta, injini ili yozizira. Pa njinga ngati Boxer, phokoso la tcheketcheke m'mbali mwa silinda limachokera ku tcheni cha taiming'i, chomwe chimayendetsa mavalavu, chikakhwefuka, ndipo mukachilekerera chimalumpha mano, pisitoni (chitsulo chimene chimakwera ndi kutsika m'silinda) n'kumenya mavalavu. Sitata ikangoti tche! osatembenuza injini, yang'anani kaye batire ndi mawaya ake musanayambe kutukwana amene anakugulitsani njinga.

Koma phokoso limene limandikwiyitsa ndi lija la pansi, lolemera, gu gu gu, lomwe limakula mukawonjezera mafuta. Imeneyo ndi beringi ya konirodi (chitsulo cholumikiza pisitoni ndi shafiti yozungulira pansi pa injini) ikulira, ndipo siichira yokha. Zimitsani pomwepo. Mnyamata wina wa kwathu kuno analimva sabata yathunthu, iye n'kumati "bola ikuyenda, bwana akufuna ndalama ya tsiku." Lachisanu injini inagwira ali ndi mayi ndi thumba la ufa kumbuyo. Titasolola kamtengo koyezera oyilo, kanatuluka kouma gwa! Injini yomwe imangofuna pafupifupi lita imodzi ya oyilo, iye anaimana. Lero njingayo ili pakhonde pa mwini wake, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

Ngati simukudziwa komwe phokoso likuchokera, tengani sikuludiraiva yaitali, nsonga muigunditse pa injini, chogwirira muike pakhutu, muzisuntha pang'onopang'ono kuyambira kumutu mpaka pansi, kutali ndi paipi ya utsi yotentha. Pomwe likumveka kwambiri, kamuuzeni makaniko malo akewo, ndiponso ngati limasiya injini ikatentha kapena ayi.