Makala a mbali ino ndi a mbali ya Malawi: lamulo losiyana, chitsa chimodzi

Mukaima pa Calómuè, pamalire a Mozambique ndi Malawi, n'kuyang'ana cha ku Dedza, mapiri ambiri ndi adazi. Mitengo yatsala kumanda ndi m'nkhalango za boma. Mbali ino ya Mozambique, ku Macanga ndi Chifunde, mombo ndi mlombwa zilipobe. Si kuti ife timasamala kwambiri ayi. Anthu ndi ochepa, malo ndi aakulu, basi.

Amalawi anasankha kuopseza. Lamulo lawo la nkhalango la 1997 analikhwimitsa mu 2020, ndipo kuwotcha makala popanda chilolezo ndi mlandu wa ndende. Ku nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, anachita kuikako asilikali. Koma mbaula za mu Lilongwe sizinazime, ndiye matumba ena amangodutsa njira zachidule kuchokera kuno.

Ku Mozambique nthaka ndi ya boma, ndipo wofuna kugulitsa makala kapena matabwa amalipira chilolezo. Pa ndalamazo, 20 pa 100 iliyonse iyenera kubwerera kumudzi kumene mitengo yadulidwa, kudzera m'komiti yokhala ndi akaunti kubanki. Apa ndiye pamagona vuto: mudzi wopanda komiti yolembetsedwa sulandira kanthu, ndipo wowotcha wopanda chilolezo sasiya n'kobiri lomwe.

Pa uvuni palibe kusiyana. Amadula tsanya wa ku Changara kapena mombo, kuunjika zipika zaziwisi, kufotsera ndi udzu ndi dothi. Uvuni wotere umameza makilogalamu 7 mpaka 10 a nkhuni kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Zipika zikauma kaye masabata angapo, makala amachuluka. Dothi likang'ambika usiku osamatapo msanga, mpweya umalowa ndipo m'mawa mupeza phulusa lokhalokha.

Chimene midzi ina ya ku Malawi yatiposa n'kusunga zitsa, mwina chifukwa choti umphawi wa nkhuni unawaluma kale. Mombo suvuta kuphukira ukadulidwa m'munsi, mopendeketsa kuti madzi asadikhe pachitsa. Mphukira zikatuluka zambiri, amasiyapo ziwiri kapena zitatu zamphamvu, amalambula malire a nkhalango ya m'mudzi, ndipo udzu amautentha mu Meyi kapena Juni usanaumitsitse. Kuno moto wa osaka mbewa umadutsa mu Okutobala, udzu uli gwaa, n'kupsereza mphukira zonse. Mbuzi zimadya zotsalazo, ndipo mvula yoyamba imakokolola dothi kulowera mumtsinje wa Revúbuè.